Dambo la Chinaka ndi Mbendera Yoyera

Kumpingo kwathu alipo amayi ena amene mpaka lero akandiona amayang'ana kumbali, chifukwa cha mbale imene ndinapereka kwa munthu wodwala. Amati ndine wouma mtima, ndipo sindikana. Koma onsewo nkhaniyi amaiyambira pa mbale, pamene ine ndimaiyambira kudambo.

Mudzi wathu unapanikizidwa ndi tiyi. Ukatuluka m'nyumba m'mawa, kutsogolo tiyi, kumanja tiyi, kumbuyo tiyi, ndipo yenseyo ndi wa kampani. Ife tinatsala ndi timinda toti ukayetsemula uli pakati mnzako wa m'malire amakuyankha, nthochi kuseri kwa nyumba, ndi dambo limodzi laling'ono kumunsi, pakati pa munda womaliza wa tiyi ndi chitunda cha kutsidya. Dambolo linapulumuka chifukwa linali losauka. Azungu akale anayesamo tiyi, anakana. Anthu a m'mudzi anayesamo chimanga, chinachita chikasu n'kufa chisanafike m'chiuno. Dothi lake linali lakuda, lonyowa chaka chonse, ndipo udzu wake unali waufupi, wosafika m'mawondo. Kumutu kwa dambolo kunali kasupe ndi misuku ingapo yokhala ndi ndevu zotuwa zolendewera m'nthambi, ndipo pansi pake mvula ikagwa pankamera bowa.

M'dambo losaukalo ndi mmene amayi anga ankapezamo moyo. Bambo anamwalira ndili wamng'ono, koma amayi anakana kukasenza dengu la kampani. Ankati makolo awo sanathawe chikoti cha Apwitikizi ku Mozambiki kuti iwo adzawerame m'tiyi wa mzungu wina. Ntchito yawo inali chinaka. Kwa osachidziwa, chinaka ndi kachomera ka masamba awiri atatu, kamene m'dzinja kamatulutsa duwa, lina loyera, lina lofiirira, ndipo pansi pake pamakhala timbatata tating'ono ngati chala chachikulu cha kudzanja. Timbatatato ukatitsuka, n'kutisinja mumtondo, n'kutiphika ndi chidulo ndi nsinjiro, timagwirana n'kukhala chinthu chodula ndi mpeni ngati chiwindi. Anthu ankachitcha nyama ya amphawi, koma ine ndinaona ndi maso anga makalaliki ovala mataye akunyambita zala.

Amayi anali ndi malamulo awo amene palibe ankawatsutsa. Dambolo analigawa patatu m'mutu mwawo, ndipo chaka chilichonse ankakumba gawo limodzi lokha, mvula ikatha, duwa litauma n'kumwaza mbewu yake. Chomera chokhala ndi duwa lamoyo sankachikhudza. Kambatata kakang'ono ankakabwezera m'dothi n'kupondapo ndi chidendene. Ine tsiku lina ndili mtsikana ndinathyola duwa n'kuliika m'tsitsi, ndipo khutu langa lamanzere limakumbukirabe. Chinakacho ankakagulitsa kumsika ku Luchenza ndiponso kukomboni ya antchito tsiku la malipiro. Dera lonse linkawadziwa kuti amayi a chinaka, ndipo ankayenda khosi lili chilili ngati munthu amene sapempha mchere kwa mnzake.

Mwa ogula awo onse, wokonda chinaka kuposa ena anali a kapitawo athu oyang'anira othyola tiyi. Anali munthu wamfupi wa mimba, mkulu wa mpingo, wa mawu okoma popemphera ndi mawu ena m'munda. Anakwatira m'mudzi mwathu, ndipo munda wa akazi awo unali pa chitunda chija cha kutsidya kwa dambo. Tsiku la malipiro ankayamba ndi iwo kufika pa lichero la amayi, n'kusankha mbali ya m'mphepete imene imapserera pang'ono, n'kumati akadzamwalira adzawaikire chinaka m'bokosi. Amayi ankaseka n'kuwaonjezera kachidutswa.

Titangovota ulendo woyamba wa zipani zambiri, fetereza anakwera mtengo mpaka anthu a m'mudzi tinayamba kungomuonera m'sitolo. Nthawi yomweyo kampani inayamba kuthira fetereza m'tiyi ndi ndege. Inali kandege kachikasu, kaphokoso, kamene kankabwera mvula yoyamba itagwa n'kudzabweranso chimanga chili m'mawondo. Woyendetsa sankadziwa malire a minda. Iye maso ankakhala pa mbendera ziwiri zoyera zomangidwa ku nsungwi zazitali, ina kuno ina uko. Akafika pa mbendera yoyamba ankatsegula, akadutsa yachiwiri ankatseka. Ndege ikatembenuka, onyamula mbendera ankasuntha mapazi owerengeka n'kuimanso. Wouza anthu poima anali a kapitawo.

Ine pamenepo n'kuti ndili wothyola tiyi, ndili ndi mwana wamkazi woyamwa, mwamuna atapita ku Joni osatumizako ndi kalata yomwe. Ntchito ya mbendera aliyense ankaisirira. Panalibe dengu kumsana, panalibe sikelo, kungoima basi, ndipo ankakupatsa pepala la pulasitiki lofunda kumutu limene pambuyo pake unkapita nalo kwanu. A kapitawo atandisankha ndinkaona ngati ndi zipatso za tizidutswa ta amayi tija. M'mawa wa tsikulo ananditengera pambali n'kuloza kutsidya.

"Iwe, layini yako si ya m'tiyi muno ayi. Uwoloke dambo, ukaime pa chulu chija cha kumtunda kwa munda wanga. Ndege imafuna malo otembenukira."

Ndinawoloka, n'kukaima pa chulu. Sindinafunse kanthu, ndipo ndikanafunsa chiyani ine wa sitandade faifi pa nkhani za ndege? Inabwera motsika mpaka ndinaona chipewa cha woyendetsa. Inakhuthula m'tiyi, inakhuthula m'dambo, inakhuthula m'chimanga cha a kapitawo, n'kutseka ili pamutu panga. Pa pulasitiki panamveka ngati matalala. Nditavundukula, pansi ponse panali mbuu timibulu toyera ngati mpunga wotayika. Ndinasuntha mapazi anga owerengeka, n'kuimikanso mbendera, mpaka dambo lonse ndi munda wonse zinalandira.

Madzulo ndinawauza amayi mokondwa kuti dambo lawo lalandira fetereza waulere, chaka chino chinaka chikhala ngati mbatata ya kholowa. Iwo anatola kambulu kamodzi kamene kanakodwa m'mpango wanga, anakalawa kunsonga ya lilime n'kulavula. Anangoti dambo silinapemphe, n'kupitiriza kusenda nandolo.

Chaka choyamba dambo linabiriwira mmene silinabiriwirepo. Anthu odutsa ankaima n'kumayamikira. Chimanga cha a kapitawo chinabereka ziwiriziwiri pamene chathu chinali ngati zala, ndipo Lamulungu la masika anabwera ndi dengu lodzaza, n'kupereka umboni wa mmene Mulungu amadalitsira okhulupirika. Tonse tinayankha ameni, inenso ndinayankha. Anatidyera masuku pamutu ife tikuimba nyimbo.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chaka chachiwiri udzu wa m'dambo unafika m'chiuno. Chaka chachitatu nsenjere imene kale inkathera m'mphepete inalowa mpaka pakati, pamodzi ndi zitsamba zaminga zimene sitinkazidziwa n'komwe. Maluwa a chinaka anayamba kuchepa, ndipo otsalawo anali onyozoloka, otalika mopanda mphamvu ngati mbewu yomera pansi pa bedi. Madzi a pa kasupe anachita ndere zobiriwira zoterera. Ndevu zotuwa za m'misuku zinayoyoka, ndipo bowa anasiya kumera. Amayi anayesa kumweta udzuwo ndi chikwakwa, unaphukanso mwaukali. Anayesa kuutentha m'chilimwe, mvula itagwa unabwera wothithikana kuposa kale. Ndimawakumbukira akukwawa ndi mawondo m'kati mwa nsenjere, akupatula ndi manja, mikono ili magazi okhaokha, kufunafuna tsamba limodzi. Malamulo awo a magawo atatu anatha okha, chifukwa panalibenso chogawa.

Nthawi yonseyi ine ndinali pa chulu ndi mbendera yanga, kawiri pa chaka, zaka zinayi. Ndikunena zoona pamaso pa Mulungu kuti mutu wanga sunalumikize ziwirizi. Kwathu fetereza ndi mankhwala, ndi dalitso, ndi chinthu chimene munthu amagulitsa mbuzi kuti achipeze. Zoti angaphe chomera zinali ngati kundiuza kuti phala lapha mwana.

Amene ananditsegula maso anali aphunzitsi ena aakazi ochokera kumpoto, amene boma linawatumiza pa sukulu ya pa esiteti. Ankagula chinaka kwa amayi chifukwa chinkawakumbutsa kwawo kumapiri. Ataona kuti lichero likubwera lopanda kanthu, anapempha kuti tikawaonetse dambolo. Anaima m'mphepete, anayang'ana udzu, anayang'ana tiyi, n'kufunsa ngati ndege imadutsa pamenepa. Kenako anatifotokozera mosavuta. Anati chinaka ndi zinzake zonse za m'dambo zinazolowera njala, zimadya pang'ono n'kukula pang'onopang'ono, ndipo dothi losauka ndilo linkaziteteza ku udzu wadyera. Ukathiramo fetereza, wadyera uja ndiye amakhuta, amatalika, n'kutchinga dzuwa, zazing'onozo n'kufa ndi mthunzi. Anatinso si timibulu tokha tooneka ndi maso. Fungo lija lolasa m'mphuno limene limatuluka m'tiyi dzuwa likawala atathira fetereza limakwera m'mwamba, mphepo n'kulitenga, chiperoni n'kudzalitsitsa pa mitengo ndi m'madambo, ndipo n'chimene chinayoyola ndevu za m'misuku. Zimenezo zokha zikanalidwalitsa dambolo pang'onopang'ono, koma kulikhuthulira pamutu kawiri pa chaka kunali kulipha.

Ndinafunsa ngati lingachire tikasiya. Aphunzitsiwo anati sakudziwa, mwina adzukulu anga ndiwo adzaone. Ndinatembenuka kuyang'ana amayi, ndikuyembekeza kuti adabwa ngati ine, koma nkhope yawo inali ya munthu amene akumva nkhani yakale. Pobwerera ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiletsere.

"Ndikanakuletsa, mwana wakoyu akanadya chiyani? Ndinkakuona pa chulu paja chaka chilichonse. Ndinkangolowa m'nyumba."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa khutu lija. Manyazi anga onse ndinawasandutsa mkwiyo, ndipo m'mawa mwake ndinawapeza a kapitawo pa sikelo anthu asanachuluke. Ndinagwada monga mwa mwambo, koma mawu anga sanagwade. Ndinawauza kuti ndadziwa kuti ndege sifuna malo otembenukira, kuti chimanga chawo chadya dambo la amayi, ndipo ndikanena kwa a manijala. Iwo anaseka mpaka mimba kugwedezeka.

"Kanene, mayi iwe. Akakufunsa kuti ananyamula mbendera ndani, ukayankhe bwino. Mayi ako akudandaula kuti tawapatsa fetereza waulere? Chinaka ndi udzu, uwonso ndi udzu. Akadye udzuwo, si wanona?"

Othyola anzanga awiri amene anali pafupi anaseka nawo, chifukwa kapitawo akaseka umaseka. Ine ndinadzuka, n'kusenza dengu langa. Kwa a manijala sindinapite, chifukwa funso la a kapitawo lija linali loona ndipo ntchito imene ikanayamba kutha ndi yanga. Mbendera anaipereka kwa mlamu wawo. Ine ananditumiza ku munda wotsetsereka kuposa yonse, ndipo kwa miyezi ingapo masamba anga pa sikelo ankapezeka okhwima tsiku lililonse. Ndinaluma mano n'kumathyola. Koma mawu aja oti akadye udzuwo ndinawasunga bwinobwino, ngati mbewu m'chiguduli.

Kenako kunabwera chaka cha njala chija chimene aliyense wa msinkhu wanga amachikumbukira. Zikanakhala kale, amayi akanadutsa ndi chinaka chawo, kudya china, kusinthanitsa china. Tsopano analibe kanthu. Anayenda wapansi mpaka kumapiri a ku Masambanjati, n'kubwerako patapita masiku awiri ndi timbatata todzaza dzanja limodzi. Ndi njala yonseyo sanatiphike. Anakatikwirira kumutu kwa dambo, pamalo amene anawalambula ndi manja, ndipo m'mawa uliwonse ankapita kukazula udzu. Palibe kamene kanamera.

Nkhokwe ya a kapitawo chaka chimenecho inali yodzaza, ndipo anthu ankapita kukagwira ganyu yopalira kuti alandire kambale ka madeya. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinayang'ana kutsidya n'kuona mpango umene ndimaudziwa uli pakati pa mizere. Anali amayi, atawerama ndi khasu m'chimanga chomwe chija. Munthu amene anakana kuwerama m'tiyi wa mzungu anali atawerama m'munda wa wakuba, ndipo mwini munda anali atakhala pa chulu changa chija akuloza pamene pasiyidwa udzu. Ndinawoloka dambo mothamanga, nsenjere ikundicheka kumaso, n'kuwalanda khasu. Amayi anandiuza motsitsa mawu kuti ndisawachititse manyazi pa anthu, mzere autsirize okha. Anautsiriza, ndipo madeyawo tinadya.

Amayi anamwalira patapita zaka ziwiri, ndi chifuwa. Sindinganame kuti unawapha ndi udzu. Koma anamwalira ali gogo wamba wopempha mchere, anthu ataiwala dzina lawo la chinaka, ndipo zimenezo ndimaziika pakhomo pa munthu mmodzi. Pa maliro, woyendetsa mwambo wa mpingo anali a kapitawo omwewo. Anaima pamutu pa bokosi n'kunena kuti malemuwa anali mayi wolimbikira, wosasankha ntchito, amene ngakhale pa ukalamba ankagwira khasu. Ndinaluma chitenje mpaka chinabooka. Amayi a chigwirizano ankaona ngati ndi chisoni, n'kumandisisita kumsana.

Ndikanakonda kulemba kuti ndinakhululuka, monga amatiphunzitsira, koma ndingakhale ndikunama. Ndinaganizapo zokatchetcha chimanga chawo chili ndi ngaiyaye. Ndinaganizapo zotentha nkhokwe. Ndinasiya, osati chifukwa cha chifundo, koma chifukwa chimanga chimameranso ndipo nkhokwe amamanga ina. Ndinkafuna chinthu chofanana ndi chimene anachita, ndipo sindinkadziwa kuti n'chiyani. Choncho ndinkawapatsa moni tsiku lililonse, mwaulemu wonse, n'kuwafunsa mmene adzukira, ndipo ndinkamvetsera yankho mwachidwi kuposa mmene iwo ankaganizira. Akulu anati mlandu suwola.

M'kupita kwa zaka ndege inasiya kubwera, kampani inabwerera kothira ndi manja. Makuponi a fetereza atayamba, a kapitawo anali oyamba pa mzere. Dambo silinabwerere. Linangokhala thengo la nsenjere lobisalamo njoka, ndipo ana obadwa pambuyo pake sankakhulupirira kuti munali maluwa. Aphunzitsi aja, Mulungu awadalitse, akapita kwawo pa holide ankandibweretsera kathumba ka timbatata touma, ndipo kamodzi pa chaka ndinkaphika mmene ankaphikira amayi, kudya ine ndi mwana wanga, chitseko chili chotseka. Koma fungo la chinaka silidziwa chitseko, ndipo mudzi unkadziwa.

A kapitawo atapuma ntchito anagwidwa ndi matenda a shuga, kenako mbali imodzi inafa. Mimba ija inaphwa. M'mawa wina ndikusesa pabwalo ndinaona akazi awo akubwera, mayi wofatsa amene sanandilakwirepo, atanyamula kambale ka nsinjiro. Anakhala pansi pa khonde, tinapatsana moni, n'kuyamba kuzungulira nkhani. Kenako ananena kuti bambo akana chakudya masiku asanu, phala akulavula, nyama akukankha, ndipo chimene akulira usana wonse ndi chinaka, chinaka chake cha amayi anga, cha m'mphepete chopserera. Anati amva kuti ndili nacho pang'ono, ndipo dera lonse wotsala wodziwa kuphika ndine.

Kwathu chimene wodwala walakalaka sichikanizidwa. Ngakhale akhale mdani, ngakhale chikhale chomaliza m'nyumba, umapereka, chifukwa mwina n'chimene akudikira kuti apite bwino. Mayiwo ankadziwa zimenezo, inenso ndinkadziwa. Ndinalandira nsinjirozo ndi manja awiri, n'kuwauza kuti apite, ndibweretsa ndekha dzuwa likafika pamutu. Atachoka ndinakhala pansi kaye. Chimene ndinamva sichinali mantha ayi, chinali chimwemwe, ndipo ndikuchita nacho manyazi pang'ono pokha.

Ndinaphikadi. Ndinaviika timbatata, ndinasinja, ndinatcheza chidulo cha makoko a nthochi monga ankachitira amayi, n'kuvundula mpaka mkono kuwawa. Moto ndinakolezera panja, mphepo ikulowera kutsidya kumene kunali nyumba ya a kapitawo, ndipo ndinachisiya kuti chipserere bwino m'mphepete. Chili kuzizira, ndinatenga chikwakwa n'kutsikira kudambo. Ndinasankha nsenjere yanthete, yobiriwira kwambiri, ya pamalo pamene amayi anakwirira timbatata tawo tomaliza. Ndinaitsuka, n'kuidula bwinobwino timizere ting'onoting'ono monga timadulira mpiru. Ndinaidzaza m'mbale ya amayi yamaluwa, ija ankaisungira alendo, n'kuvundikira ndi inzake, n'kumanga ndi nsalu yoyera. Ndinasamba, ndinavala chitenje chabwino, ndinasenza pamutu n'kuwoloka.

Ndinawapeza a kapitawo atawagoneka pa mphasa pakhonde, atawatsamiritsa ku khoma. Panali akazi awo ndi amayi awiri a chigwirizano odzazonda matenda. Wodwalayo atandiona maso awo anawala ngati a mwana. Anati fungo alimva kuyambira m'mawa, ndipo malovu ankatsika mbali yakufa ija ya pakamwa. Ndinagwada, ndinawasambitsa m'manja ndekha, n'kumasula nsalu. Mbale ndinaika pa miyendo pawo kuti avundukule okha ndi dzanja lamoyo.

Anavundukula. M'mbale munali udzu wokhawokha.

"Wanona, a kapitawo," ndinatero. "Munanena ndinu."

Mayi mmodzi wa chigwirizano anagwira pakamwa. Akazi awo anayamba kulira chamumtima. Ine maso anga anali pa nkhope ya mwini wake, chifukwa chimene ndinkaopa zaka zonsezi chinali chakuti mwina anaiwala. Sanaiwale. Ndinaona mawuwo akuwafika, ndipo ndinaona akuyang'ana kudambo. Kenako anavundikiranso mbale pang'onopang'ono, n'kuikankhira kwa ine. Lilime linali lolemera, koma ndinamva bwinobwino.

"Nanga mbendera ananyamula ndani?"

"Ndine," ndinayankha.

Ndinamanga mbale zanga n'kubwerera. Kunyumba chinaka chinali chitagwirana bwino, chofiirira, chonga cha amayi ndendende. Mwana wanga, amene tsopano anali namwali, anali atamva kale, poti nkhani yotere imathamanga kuposa mwini wake. Anandifunsa mwaulemu ngati angadule kachidutswa kakang'ono n'kukapereka yekha, anthu asaone. Ndinakana. Tinadya awiri, ndipo mbali ya m'mphepete ndinadya ine. Sindinasiyeko, ngakhale kuti funso la a kapitawo lija linakhala nane pa mphasa mpaka mbale inatha.

A kapitawo anamwalira patapita masiku anayi. Ku maliro ndinapita, ndinatunga madzi, ndinaphika nawo, ndipo palibe anandiyankhula. Pambuyo pake akulu a mpingo anandiitana n'kundiimitsa ku mgonero mpaka nditapepesa kwa amasiye. Kwa mayi aja ndinapita ndekha n'kuwauza kuti misozi yawo sindinaifune, ndipo zimenezo zinali zoona. Koma akulu ankafuna ndinene pamaso pa mpingo kuti ndinalakwira malemu. Ndinawauza kuti ndidzanena tsiku limene ndidzaone duwa limodzi la chinaka m'dambo muja, ndipo tsiku limenelo ndidzayamba ndapepesa kumanda kwa amayi anga, chifukwa kumeneko ndi kumene ndili ndi mlandu. Mmodzi wa akuluwo anati ndikuyesa Mulungu. Ndinamuyankha kuti ayi, ndikumudikira.

Ena amaganiza kuti ndinanena zimenezo pofuna kuthawa. Sadziwa kuti chaka chilichonse mvula ikakhazikika ndimatsikira kudambo ndi chikwakwa, n'kumweta kachigawo kumutu kwake pafupi ndi misuku, udzuwo n'kuututira kunja kuti usawolere momwemo, monga anandilangizira aphunzitsi aja asanasamutsidwe. Ndikamaliza ndimagwada n'kupatula zitsinde ndi manja, kufunafuna masamba awiri atatu amene ndingawazindikire ngakhale nditachita khungu. Chaka chino ndinapitanso. Ndinakwawa mpaka mawondo kutupa, ndipo nditadzuka kuti ndione pa chulu pamene ndinkaima, sindinapaone, udzu unali utandipitirira kumutu.